Nkhalamba ya Pangodya

Kompyuta imene siidziwa intaneti imakalamba mosiyana ndi zinzake. Foni ili m'thumba mwanuyo, inu owerenga, imakuvutitsani mwezi ndi mwezi kuti muipatse zatsopano, ndipo mukakana imayamba kunyanyala. Yanga ya pangodya ya pabalaza siidandaula. Ndidaigula yogwirapo kale ntchito m'chaka cha 2009, ndalama zake nditachita kusunga miyezi ingapo kuchokera pa kamalipiro ka m'boma. Ili ndi Pentium 4, RAM ya 512 MB ndi hard disk ya 40 GB. Imayendera Windows XP, pulogalamu imene Microsoft idatulutsa mu Okutobala 2001 n'kusiya kuisamalira pa 8 Epulo 2014. Chifikireni m'nyumba mwanga sidalumikizidwepo ku intaneti ngakhale tsiku limodzi.

Zimene ili nazo m'mimba ndizo zimandipangitsa kuilemekeza. Muli ndakatulo zanga, muli buku lomwe lakhala likukana kutha kwa zaka khumi, komanso muli nthano za malemu mayi anga. Nthanozi ndidazijambula pa kaseti kumudzi ku Ntchisi, kenako n'kumazitayipa madzulo ndikaweruka, liwu ndi liwu, osasiya ngakhale pamene ankatsokomola kapena kukalipira mbuzi. Makasetiwo adadyedwa ndi chinyezi. Mayi adatisiya mu 2013. Mawu awo adatsala mu bokosi lachitsulo lija.

Nanga chidandikakamiza kuisokoneza nkhalambayi n'chiyani? Zinthu ziwiri. Pulinta yanga yakale idafa, ndipo imene ndidapeza idakana kugwira ntchito pokhapokha Windows yake itafika pa Service Pack 3. Yanga idaima pa Service Pack 2 ya 2004. Chachiwiri ndi fulashi. Mafulashi akuluakulu a masiku ano ambiri amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa exFAT, imene XP siiwerenga popanda kuiwonjezera kachigamba kena. Ukaika fulashi yotere, kompyuta imakufunsa mwaulemu ngati ukufuna kuifufuta yonse. Ndidaona kuti makomo otulutsira zolemba zanga akutsekeka limodzi ndi limodzi.

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, adaphunzira za makompyuta ndipo sabisa mawu.

"Amalume, chinthu chimenechi n'cha kumyuziyamu. Tichotse zolembazo, chikatayidwe."

"Mphwanga, khasu la agogo ako likulimabe. Unene chimene chingatheke, za kutaya uzisiye."

Tidayala njira zonse pamphasa. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB, choncho nkhani yake idathera pomwepo. Windows 10 imafuna RAM yosachepera 1 GB, ndiponso nayo Microsoft idaisiya pa 14 Okutobala 2025. Windows 7 idasiyidwa mu Januwale 2020. Mphwangayo adalimbikira za Linux, imene ndi yaulere ndipo ili ndi mitundu ina yopepuka yoyenera makina akale. Sindiinyoza. Koma nayonso mitundu yake yambiri idaleka kupangira makina a 32-bit ngati anga, ndipo ine ndi Word 2003 tidazolowerana ngati mlimi ndi ng'ombe yake ya pangolo. Zala zanga zimadziwa zokha kuti ukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamatuluka ŵ, chilembo chimene mayi ankachitchula bwino kuposa aphunzitsi ambiri. Tidagwirizana zongoikweza XP yomweyo mpaka pamene ingafike.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndidakanitsitsa. Anyamata ambiri okonza makompyuta m'tauni mankhwala awo ndi amodzi, kufomata, monga sing'anga amene matenda aliwonse amatemera mphini. Kufomata kumatanthauza kufufuta zonse n'kuyambiranso. Ukatero umayenera kusakasaka timapulogalamu toyendetsa zokuzira mawu, sikirini ndi zina, timene opanga ake adatichotsa kalekale pa masamba awo, ndiponso Windows imafuna uitsimikizirenso kuti ndi yogula. Kompyuta imene ikuyenda, ngakhale motsimphina, simuigwetsa pansi kuti muone ngati idzuke.

Tidayamba ndi zolemba. Tidazikopera pa fulashi yaing'ono yakale, pa CD ziwiri, ndi pa laputopu ya mphwangayo, ndipo tidatsegula fayilo iliyonse ya nthano kuti tione ngati ikuwerengeka. Zidatenga Loweruka lathunthu, popeza ndinkati ndikatsegula imodzi ndimayamba kuwerenga, n'kuiwala ntchito. Kenako tidasintha kabatire kozungulira ka m'kati, kofanana ndi kakobidi, kotchedwa CR2032. Kabatire kameneka ndi kamene kamasunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka chimene idabadwa. Kwa munthu wina zimenezi n'zoseketsa chabe. Kwa mlembi amene ali ndi makope asanu a mutu umodzi wa buku, ndipo amadalira deti kuti adziwe lomaliza, ndi tsoka lenileni.

Vuto la makina osalumikizidwa ndi lakuti chakudya chake umachita kuwanyamulira. Ngakhale tikadailumikiza, njira yakale imene XP inkadzitengera yokha zigamba idatsekedwa mu 2020. Mphwangayo adakatenga Service Pack 3 ya 2008, fayilo imodzi yoposa 300 MB, pamodzi ndi chigamba cha exFAT ndi china chothandiza Word 2003 kutsegula mafayilo a docx amene akonzi a mabuku amatumiza. Zonsezi adaziika pa CD osati pa fulashi, ndipo chifukwa chake aliyense amene adagwira ntchito mu ofesi ya boma m'zaka za m'ma 2000 akuchidziwa. Fulashi imodzi inkayenda madesiki khumi patsiku, ndipo XP inali ndi khalidwe lotsegula yokha chilichonse chimene fulashiyo yailamula. Mavairasi ankalowera pamenepo. Unkapeza mafoda onse abisika, patsala tizithunzi tonamizira. Microsoft idatseka khomo limeneli ndi chigamba chimene idafalitsa mu Febuluwale 2011, koma yanga, pokhala kwayokha, uthengawo sudaifike. Nachonso tidachiika pa CD.

Ena amaganiza kuti kompyuta yosalumikizidwa ili ngati mudzi wa pachilumba, kumene mliri sufika. Amaiwala bwato. Komabe kukhala patali kumathandiza ndithu. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry idayenda pa manetiweki a dziko lonse, idaimitsa ntchito m'zipatala zina za ku Britain, ndipo Microsoft idakakamizika kutulutsa chigamba ngakhale cha XP imene inali itaisiya kale. Nkhalamba yanga nkhaniyi idangoimvera pa wailesi pamodzi ndi ine.

Mantha aakulu adali magetsi. Service Pack imasintha mafayilo a pamtima penipeni pa Windows, ndipo magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, makina atha kukana kudzukanso. Tidabwereka UPS kwa neba, n'kudikira usiku. Kamzere ka pa sikirini kadayenda ngati nalimata, nthawi zina n'kuima mphindi zambiri osasuntha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi a kunyumba adatiikira tiyi n'kukagona. Patapita nthawi yoposa ola limodzi kompyuta idazima yokha, idayakanso, ndipo phiri lobiriwira lija lidaonekera, kumwamba kuli mitambo yake yomwe ija.

Sindikudzinamiza kuti yasanduka yatsopano. Intaneti siidzaiona, ndipo fulashi imene imalowamo ndi imodzi yokha, yomangidwa kansalu kofiira, yosapita ku ofesi. Hard disk nayo yayamba kumveka kaphokoso m'mawa kukazizira, ndipo chimenecho palibe chigamba chingachiritse. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya pulinta ija idali kusindikiza nthano zonse za mayi, makope awiri. Limodzi lili mu sutikesi pansi pa bedi. Linalo ndidapita nalo ku Ntchisi kwa achemwali, amene atawerenga tsamba loyamba adandiuza kuti dzina la kalulu wa m'nthano yachitatu mayi sankalitchula choncho.