Pa Bole Sipothamanga: Zochita Ndege Ikasinthidwa Nthawi

Dzuwa likalowa mumzinda wa Addis Ababa, bwalo la ndege la Bole limadzaza ngati doko la nsomba mabwato akangokocheza. Ndege zochokera ku Lilongwe, Lusaka, Harare, Kinshasa, Lagos ndi mizinda ina ya mu Africa zimatera motsatizana, ndipo pakangopita maola owerengeka zina zimanyamuka kulowera ku Jeddah, Dubai, Mumbai, London ndi Guangzhou. Kukacha zinthu zimatembenuka: zakutali zija ndizo zimatera m'mamawa, za mu Africa n'kunyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Ambiri mwa anthu amene mumawaona m'makonde a bwaloli sakupita ku Ethiopia ayi. Atsika ndege ina ndipo akufunafuna inzake.

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, ambiri a ife tikamapita ku Umrah, kukapikula katundu ku Dubai kapena kuperekeza wodwala ku India, timadzera pabwalo limeneli. Ndi bwino tsono kulidziwa, makamaka chifukwa cha vuto limodzi limene limagwera apaulendo kawirikawiri: munthu wagula tikiti miyezi itatu m'mbuyomo, anali ndi maola atatu osinthira ndege, kenaka uthenga ufika pafoni wakuti nthawi yasintha ndipo kwangotsala ola limodzi.

Malo ake ndi otani

Addis Ababa, dzina limene m'chilankhulo cha Amharic limatanthauza duwa latsopano, ndi likulu la Ethiopia komanso la bungwe la African Union. Kampani ya ndege ya dzikoli, Ethiopian Airlines, idakhazikitsidwa mu 1945 ndipo idayamba maulendo ake mu 1946. Ubale wake ndi dziko lathu udakula pamene idatenga magawo 49 pa 100 aliwonse a kampani yatsopano ya ndege ya Malawi, imene idayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha. Mu January 2019 nyumba yaikulu ya apaulendo pa Bole, yotchedwa Terminal 2, idatsegulidwa itakulitsidwa kuti izitha kulandira anthu pafupifupi 22 miliyoni pachaka.

Kuchokera ku Lilongwe ndege imatenga pafupifupi maola anayi kukafika kumeneko. Chinthu choyamba chimene munthu wa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota amachimva akatsika ndi mpweya. Nyanja yathu ili pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene bwalo la Bole lili pamwamba kupitirira mamita 2,300. Usiku kumazizira, ndipo mpweya wake ndi wopepuka moti ngakhale mnyamata wozolowera kukoka khoka amapuma wefuwefu akakwera masitepe ndi chikwama. Nanga kuli bwanji agogo amene akupita ulendo wawo woyamba? Powerengera nthawi yosinthira ndege, werengerani mayendedwe a munthu wofooka kwambiri m'gulu lanu.

Nthawi ya papepala ndi nthawi yeniyeni

Makampani a ndege amakonzanso ndondomeko za maulendo awo kawiri pachaka. Nyengo ina imayamba Lamulungu lomaliza la March, inzake Lamulungu lomaliza la October. Amene wagula tikiti nyengo isanasinthe koma adzayenda itasintha ayembekezere kuti nthawi ikhoza kusuntha. Imasunthanso kampani ikasintha mtundu wa ndege, ikachepetsa masiku oulukira, kapena ikaganiza kuti ndegeyo iziyamba yaima pamzinda wina.

Bwalo lililonse lili ndi mlingo wa nthawi yochepetsetsa imene amalola kuti munthu asinthire ndege, ndipo kampani sigulitsa tikiti imodzi yokhala ndi mpata woperewera pa mlingowo. Koma mlingowo amauwerengera munthu wamphamvu, wodziwa kuwerenga zikwangwani za Chingerezi, amene ndege yake yatera pa nthawi yake.

Tiyerekeze kuti tikiti yatsopano ikunena kuti mutera 8:10 usiku ndipo inzakeyo inyamuka 9:20. Papepala ndi mphindi 70. Ndege ikatera imayenda kaye pansi mpaka poimikira. Pa Bole ndege zambiri zimaima patali ndi nyumba, choncho mumatsika masitepe n'kudikira basi. Mukalowa mkati muli mzere wounikira anthu ndi zikwama zam'manja, ndipo usiku mzerewu umatalika chifukwa ndege zimafika nthawi imodzi. Chipata chokwerera ndege nacho chimatsekedwa mphindi 15 kapena 20 nthawi yonyamuka isanakwane. Mukachotsa zonsezi, mphindi 70 zija zatsala zochepa zedi, ndipo ndege yoyamba ikangochedwa ndi theka la ola, basi zatha. Minibasi imadikira kuti idzaze, ndipo bwato limatha kubwerera munthu akafuula ali pamchenga. Ndege ikatseka chitseko yatseka.

Samalaninso ndi wotchi. Ethiopia ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo nthawi zonse zolembedwa patikiti ndi za kumalo kumene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Eni dziko alinso ndi kawerengedwe kawo ka maola koyambira m'bandakucha, kofanana ndi kamene amagwiritsa ntchito olankhula Chiswahili: 7 koloko yathu yam'mawa kwa iwo ndi 1 koloko, ndipo 8 koloko yausiku ndi 2 koloko. Mukafunsa nthawi kwa munthu wamba mukhoza kusokonezeka. Khulupirirani mawotchi ndi matelevizioni apabwalo, amene amalemba nthawi monga tidazolowera.

Nkhani imathera kunyumba

M'mera mpoyamba. Vuto la mpata wochepa limakonzedwa tsiku limene uthenga wafika, muli kwanu. Kuthamanga m'makonde a Bole kumabwera zinthu zitavuta kale.

Choyamba, musafulumire kuvomera nthawi yatsopano. Uthenga wambiri umabwera ndi pamene mungadinde kuti mwagwirizana nazo, ndipo mukadinda mwayi wosintha mwaulere umatha kutayika. Kusinthako kukachokera kwa eni ndege, ndipo kukakhala kwakukulu, makampani ambiri amalola kukusamutsirani pa ndege ina popanda kulipira kapena kukubwezerani ndalama.

Chachiwiri, dziwani ngati ulendo wanu wonse uli pa tikiti imodzi. Yang'anani nambala ya bukingi, ya zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi. Ikakhala imodzimodzi kuyambira ku Lilongwe kapena ku Chileka mpaka kumene mukupita, kampani ili ndi udindo wokupezerani ndege ina mukasiyidwa chifukwa cha kuchedwa kwa ndege yoyamba, ndipo katundu wanu amamusamutsa okha. Koma ngati ndi matikiti awiri osiyana, ogulidwa padera pofuna kutchipitsa, kampani yachiwiri imakuonani ngati munthu amene sadabwere basi. Mungafunikenso kutenga katundu ndi kumulembetsa kachiwiri, zimene zingafune chitupa cholowera m'dzikomo. Ndi matikiti awiri, mpata wa ola limodzi kapena awiri musauvomere n'komwe.

Chachitatu, pitani kwa amene adakugulitsani tikiti. Ngati mudagula kwa ejenti kapena kudzera mwa mtsogoleri wa gulu, kawirikawiri ndi iyeyo amene angathe kusintha. Vuto n'lakuti uthenga wosintha nthawi umatha kupita ku foni kapena imelo ya ejentiyo, inu osadziwa kanthu. Choncho muuzeni alembe nambala yanu mu bukingi, ndipo muonenso nthawi ya ndege kutatsala sabata imodzi komanso dzulo lake la ulendo. Safunsa adadya phula. Pokambirana naye pitani mutadziwa kale chimene mukufuna: kunyamuka tsiku limodzi msanga, kukwera ndege ina yotsatira kuchokera ku Addis Ababa, kapena kudzera njira ina monga Nairobi. Zimene mwagwirizana akupatseni zolembedwa, pamodzi ndi tikiti yatsopano.

Kugona panjira sikoopsa monga ambiri amaganizira. Ethiopian Airlines imadziwika ndi kupereka malo ogona kwa apaulendo ake amene akudikira maola 8 mpaka 24 pa tikiti imodzi pamene palibe ndege ina yachangu, koma funsani musananyamuke ngati tikiti yanu ili m'gulu limeneli. Kwa banja lokhala ndi ana kapena okalamba, usiku umodzi pahotelo ndi wopepuka kusiyana ndi kusiyidwa pakati pa usiku.

Mukasankha kuyenda nawo mpata wochepawo

Nthawi zina palibe njira ina, makamaka m'mwezi wa Ramadhan ndi nyengo ya Hajj pamene mipando imasowa. Zikatero konzekani motere. Polembetsa katundu pabwalo lakwathu pemphani makhadi okwerera ndege zonse ziwiri, ndipo werengani kapepala komatidwa pachikwama kuti muone ngati kalembedwa kumene mukuthera ulendo, monga JED ya Jeddah kapena DXB ya Dubai. Sungani kachiduswa kamene amakupatsani. Pemphani mipando ya kutsogolo, ndipo uzani ogwira ntchito m'ndege kuti nthawi yanu yosinthira ndi yochepa.

Wokalamba kapena wodwala mumupemphere mpando wamatayala kutatsala maola 48 kapena kuposerapo. Ndi waulere ndipo palibe chochititsa manyazi. Wokankha mpandoyo amadziwa njira, koma dziwani kuti ofuna thandizo lotere kawirikawiri amatsitsidwa pomalizira, kotero ichi ndi chifukwa chinanso chofunira mpata wautali.

M'chikwama cham'manja muike mankhwala, magalasi, chovala chosinthira, juzi ndi mapepala onse a ulendo, pakuti munthu akhoza kuipeza ndege katundu wake n'kutsala. Zamadzimadzi zisapitirire mamililita 100 m'botolo lililonse, apo ayi zikuchedwetsani pamzere wounikira. Ana akapite kuchimbudzi ndege isanayambe kutsika. Mukalowa m'nyumba yang'anani nambala ya ndege yanu pa televizioni, chifukwa chipata chimatha kusintha, ndipo pitani kaye mukachione ndi maso musanaganize za khofi wotchuka wa ku Ethiopia. Gulu lisamwazikane: wamphamvu mmodzi atsogole, wina akhale pambuyo.

Za ihram ndi swala

Opita ku Umrah ali ndi china choti aganizire. Ndege yochokera ku Addis Ababa kupita ku Jeddah imadutsa malire a miqat ili m'mlengalenga, ndipo amene akulunjika ku Makkah amayenera kukhala atalowa mu ihram pofika pamenepo. Amuna ambiri amavalira nsalu zawo pa Bole. Mpata ukachepa nthawi yovalirayo imasowa, ndipo chimbudzi cham'ndege n'chopanikiza. Ndi bwino tsono kusamba ndi kuvala nsalu yam'munsi kwathu konkuno, kuvala mkanjo pamwamba, yam'mwamba n'kuisunga m'chikwama cham'manja, kenaka kupanga niya poyandikira miqat. Nsalu za ihram zisalowe m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Amene akuyambira ku Madinah alibe vuto limeneli.

Pa Bole pali malo oswalira, koma wotsala ndi mphindi zochepa sangafikeko. Wapaulendo adapatsidwa chilolezo chofupikitsa swala za maraka anayi ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr kapena Maghrib ndi Isha. Khalani pansi ndi shehe wa pamzikiti wanu, tikiti ili m'manja, kuti akulongosolereni mmene mungachitire pa maola amenewo.

Ndege ikakusiyani

Musatuluke pabwalo ndipo musathamangire kugula tikiti ina. Pitani pa tebulo lothandizira osintha ndege, lolembedwa kuti Transfer Desk, ndi makhadi anu. Ngati muli pa tikiti imodzi akuikani pa ndege yotsatira yokhala ndi malo. Funsani za chakudya ndi pogona, funsani kumene kuli katundu wanu, ndipo onetsetsani kuti ulendo wobwerera sudafufutidwe, chifukwa makompyuta a makampani ambiri amachotsa zigawo zonse zotsala munthu akapanda kukwera ndege imodzi. Lankhulani modekha. Amene ali patebuloyo si amene adasintha nthawi, ndipo ndi iye angakupezereni mpando. Dziwitsani okuchingamirani ndi hotelo ya kumene mukupita, ndipo sungani malisiti onse.

Mukafika koma katundu osaoneka, lembetsani lipoti musanatuluke m'chipinda cholandirira katundu ndipo mutenge nambala yake. Pa maulendo amene ali pansi pa Pangano la Montreal la 1999, dandaulo lolembedwa la katundu wochedwa liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 21 chimulandirireni.

Ulendo wotere banja limausonkhera zaka: ena agulitsa mpunga, ena ng'ombe, ena adikira ana a ku Johannesburg atumize. Ndalama zimenezi zisatayike chifukwa cha uthenga umene palibe adauwerenga. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Uthenga wosintha nthawi ukangobwera, tengani pepala ndi cholembera, chotsani mphindi za basi, za mzere ndi za chipata, muyang'ane anthu amene mukuyenda nawo, ndipo ngati zotsalazo sizikukwanira agogo kuyenda pang'onopang'ono, imbani foni tsiku lomwelo. Tikufunira onse okonzekera maulendo kuyenda kwabwino ndi kubwerera mwamtendere, Insha Allah.