Nkhalango imene inatidyetsa



Lamulungu lapitali, ndikuchokera ku Misa ku Bembeke, ndinakumana ndi mnyamata akukankha njinga yosenza matumba atatu a makala. Tinapatsana moni, iye n'kupitirira. Ine maganizo anabwerera ku chaka cha 2002, pamene ndinali ndi zaka 9.

Amene munalipo mukukumbukira. Nkhokwe yathu inatha Khirisimasi isanafike, mbuzi tinagulitsa pamtengo wolira, ndipo pofika Febuluwale, mwezi umene boma linalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, tinkagonera phala la gaga. Chimanga m'munda chinali chikungomasula ngayaye.

Agogo anga aakazi ankandidzutsa nkhungu isanachoke m'mapiri. "Dzuka iwe, tenga dengu, tikaone zimene Mwiniwake watiikira lero." Pansi pa misuku ndi mitengo ina yachilengedwe tinkazula bowa wa ndelema ndi manyame. Pachulu tinkapeza utale. M'mbali mwa munda munali chisoso, bonongwe ndi therere. Zonsezi palibe chimene tinadzala kapena kupalira, koma n'zimene zinatifikitsa ku zitheba ndi mondokwa.

Tsiku lina ndinapeza chisa cha njiwa, muli maunda awiri. Ndinayamba kukwera mtengo, m'kamwa mukudzaza malovu. Agogo anandigwira mwendo. "Tsika. Amene akudyetsa tianato ndi yemweyo akudyetsa iwe. Tisiye tikule, tidzaswe tinzake." Ndinatsika ndikulira, ndipo njira yonse sindinawayankhule. Titafika kumudzi, anatapa bowa wina m'dengu n'kundituma kukapereka kwa mayi wamasiye amene tinayandikana naye nyumba. Mkwiyo wanga unawirikiza.

Sindikufuna kukometsa nkhaniyi. Chaka chimenecho tinaika maliro ambiri, ena a ana amsinkhu wanga. Kwa zaka zingapo, ndikamva Mthenga Wabwino wa Mateyo mutu 6, pamene Ambuye Yezu akutilozera mbalame kuti tiphunzire kukhulupirira chisamaliro cha Atate, mtima unkafunsa: ngati Mulungu amasamala njiwa, anali kuti pamene anzanga ankamwalira?

Funsoli silinatheretu, koma ndinayamba kuona kuwala nditaphunzira mmene bowa amamerera. Ndelema ndi manyame amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo: mtengo umapatsa bowa chakudya chimene masamba apanga, bowa n'kuthandiza mtengo kuyamwa madzi ndi mchere wam'nthaka. Mukadula mitengoyo, bowayo amasowanso. Utale nawo umalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, chiswe chomwe timachiona ngati mdani. Choncho ndiwo zimene ndinadya m'njala ija zinadzera mu mtengo, mu chiswe, mu mvula ndi m'manja mwa agogo. Ndipo za mayi wamasiye uja zinadzera m'manja mwanga, ngakhale ndinali wokwiya. Mulungu sanatigwetsere matumba kuchokera kumwamba. Anatidyetsa kudzera mwa zolengedwa zinzathu, monganso amadyetsera izo kudzera mu zimene ife tazisiyira. Munthu akafumbata dzanja, kapena akapsereza phiri, amatseka njira imene chisamaliro cha Mulungu chikanadzera.

Papa Francis, amene anatisiya mu 2025, anaphunzitsa zomwezi m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015: kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mlengi, ndi kuti kulira kwa chilengedwe n'kogwirizana ndi kulira kwa amphawi. Agogo sankadziwa kuwerenga, koma phunziroli anali nalo.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, Akhristu timakumbukira mwapadera chilengedwe. Zomvetsa chisoni n'zakuti m'masabata omwewa ndi mmene timayatsa tchire pofuna mbewa zochepa, moto n'kutha zisa, mphukira ndi tizilombo tosawerengeka. Njala sinatitsanzike: mu 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ikadzabweranso, ana athu adzatenga dengu n'kupita kuti? Malo amene ndinkazula bowa ndi agogo lero ndi zitsa zokhazokha.

Mnyamata wamakala uja sindikumuweruza. Nayenso akusaka chakudya cha ana ake, ndipo ogula makalawo ndife. Koma achinyamata anzanga, pali zimene tingathe: kuleka kuyatsa tchire, kusiya zitsa kuti ziphukenso, kudzala mitengo mvula ikayamba ndi kuisamala mpaka ikule, ndiponso kutapa m'dengu lathu n'kugawira wosowa.

Ambuye, amene mumadyetsa njiwa ndi ana a anthu, musalole kuti manja athu atseke njira ya chifundo chanu. Amen.