Cipembere Cimene Mdzukulu Sanacione

Kumwera kwa Chipata, ca kumsewu wopita ku Chadiza, kuli mudzi umene mumakhala mkulu wina amene anagwira nchito ya uphunzitsi zaka zambiri. Mkuluyu anali ndi lonjezo kwa mdzukulu wao, mnyamata wa zaka 12, lakuti tsiku lina adzamuonetsa cipembere ndi maso, pakuti iwo anacionapo ku Luangwa m'caka ca 1968 ali ana a sukulu. Tsono m'cilimwe ca 2023, atagulitsa nshawa zao, anatenga mnyamatayo nakwera basi ya ku Mfuwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kucokera ku Chipata.

Malo osungirako nyama a South Luangwa ndi akulu makilomita 9,050 mbali zonse. Anapatulidwa m'caka ca 1938, ndipo mu 1972 Boma linawakweza kukhala paki ya dziko lonse. Kumeneko ndi kwao kwa Akunda, ndipo mu 1950 Mfumu Nsefu anagwirizana ndi Norman Carr kumanga msasa wa alendo odzaona nyama, kuti ndalama zace zithandize anthu a mfumuyo. Lero nzika za Zambia zimalipira ndalama yocepa pacipata kusiyana ndi alendo akunja.

Ataoloka mlatho wa Luangwa m'mamawa, mnyamatayo anasowa poyang'ana. Mvuu zinali zitaunjikana m'maiwe otsala, ng'ona zili kuothera dzuwa pamcenga, ndipo njobvu zinali kuoloka mtsinje ana ali pakati. Anaona njati, mbidzi ndi nswala zosawerengeka. Mlonda wa nyama amene anali kuwatsogolera anawaonetsa nyamalikiti nati mtundu umenewo, wochedwa Thornicroft, supezeka kwina kulikonse koma m'cigwa ca Luangwa mokha.

Dzuwa litakwera, mnyamatayo anafunsa kuti, "Ambuye, nanga cipembere cija cili kuti?"

Mlondayo ndiye anayankha. Anati opha nyama mobisa anatha zipembere zonse m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 cifukwa ca nyanga zace, kotero kuti mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso cipembere cakuda. Zimene zilipo ku North Luangwa zinayamba kubwera ndi ndeke kucokera ku South Africa mu 2003, ndipo zimalondedwa usana ndi usiku. Mkulu uja anangoti cete, maso ali kumtsinje. Zonsezi anali kuzidziwa kale, koma mtima unkawanamiza kuti mwina cimodzi cinatsala m'nkhalango.

Pobwerera kumudzi anapatukira ku Katolola, kumene kuli zithunzi zakale zojambulidwa pamiyala. M'cigawo ca Kum'mawa muli malo ambiri otere, monga Thandwe, Mkoma, Makwe ndi Kalemba, ndipo ena mwa malowa anafufuzidwa ndi katswiri wa zakale D. W. Phillipson. Akatswiri amati zithunzi zofiira ndi za Akafula, alenje amene anali kukhala m'dziko lino alimi asanafike, pamene zoyera zambiri ndi za makolo a Acewa, zokhudza Nyau ndi Cinamwali. Ku Malawi, zithunzi za mtundu womwewu za ku Chongoni, m'boma la Dedza, zinalembedwa mu 2006 pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Pathanthwe la Katolola pali cithunzi ca nchefu yaikulu. Mnyamatayo ataciyang'anitsitsa anatola khala pansi kuti alembe dzina lace pambali. Mkuluyo anamugwira dzanja.

"Leka, mdzukulu wanga. Khala pansi ndikuuze kanthu."

Anamuuza kuti m'caka ca 1982, pamene malipiro a uphunzitsi sanali kukwanira, munthu wina anafika usiku ndi kathumba napempha kuti akasungidwe masiku atatu kudenga. Iwo anadziwa bwino lomwe kuti munali nyanga ya cipembere, koma sanafunse. Munthuyo pobwera kudzatenga kathumbako anasiya ndalama, ndipo ndalamazo ndizo zinagula malata a nyumba imene banja lonse likugonamo mpaka lero.

"Mfuti sindinaigwirepo," anatero mkuluyo, "koma mvula ikamagwa pamalata aja ndimakumbuka. Cipembere cimene unaciyembekeza, mwina ndi comweco cinagona padenga langa."

Mnyamatayo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati agogo ace aakazi anali kudziwa. Mkuluyo anati anamwalira osauzidwa, ndipo iye ndiye woyamba kumva.

Anapitiriza kunena kuti munthu amene anajambula nchefuyo anapita kalekale, dzina lace ndi cinenero cace palibe akuzidziwa, koma nchefu ikali pamwala ndiponso ikali m'thengo la Luangwa. Mbadwo wao wa iwo eni, anatero, unalandira zonse ziwiri, nyama ndi zithunzi, koma m'zaka 20 zokha unataya cipembere. Madzi akatayika saoleka. Tsono khala limodzi likhoza kuononga m'kamphindi cimene cinapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yambiri, ndiye cifukwa cace malamulo a dziko amaletsa kulemba kapena kukanda pamiyala yotere.

Mnyamatayo anataya khala lija m'udzu napukuta manja pakabudula. Potsika phiri anafunsa ngati ku North Luangwa n'kutali. Mkuluyo anati n'kutali ndithu, ndipo miyendo yao siingafikeko tsopano, koma iye akadzakula adzapiteko, akacione cipembereco m'malo mwao.

Anafika kumudzi dzuwa litalowa. Usiku umenewo mnyamatayo anagona cagada pamphasa, maso ali kumalata, ndipo tulo tinacedwa kubwera.