Mphatso Siyenera Kukwiriridwa

Dziko la Mfumu Kaphuka lili kumtunda, m'boma la Dedza, kumene chisanu cha mwezi wa June chimalowa mpaka m'mafupa. Anthu a kumeneko ndi alimi. Amalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo zina mwa zokolola zawo amakagulitsa m'misika ya m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lilongwe, monga pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Mlimi aliyense wa kumeneko adziwa kukumba pansi ndi kukwirira mbewu. Chifukwa chake fanizo limene Yesu anaphera ophunzira ake, lolembedwa pa Mateyu 25, siliyenera kumvuta.

Fanizolo linena za munthu wachuma amene, pofuna kupita ulendo wautali, anasiyira antchito ake atatu ndalama zotchedwa matalente. Woyamba analandira asanu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi. Awiri oyamba aja anachita nazo malonda, ndipo chuma chinachuluka kawiri. Koma wachitatu anakumba dzenje nabisamo ndalama yake. Mwini chuma atabwerako anayamika awiri aja mofanana, ngakhale wina anabweza khumi ndi wina anayi okha. Wachitatuyo anamdzudzula kwambiri, namlanda ngakhale imodzi yomwe ija.

Tsono wina angafunse kuti, “Kodi mlimi sakwiriranso mbewu yake pansi? Nanga wantchito uja analakwa chiyani?” Kusiyana kwake ndi uku. Mlimi akwirira kachewere ali ndi chiyembekezo. Abwerako kukapalira, kukabandira mizere, ndipo ngati ndi kudimba, alawirira m'mawa kukathirira. Mbatata imodzi ibala zambiri chifukwa mwini wake sanaitaye. Koma wantchito uja anakwirira ndi mantha, nachoka osabwererako. Sanabe kanthu, sanamwere mowa ndalamayo. Kulakwa kwake kunali kungokhala chete.

Nkofunika kuona kuti amene anabisa ndi uja analandira zochepa. Ndi mmene zimakhaliranso m'midzi. Munthu aona mnzake amene anaphunzira kwambiri, kapena amene ali ndi ngolo ndi ng'ombe, nayamba kudziyesa chabe. Ati mumtima mwake, “Changa nchochepa, chingathandize yani?” Koma talente imodzi sinali ndalama yaing'ono ayi. Inali yolingana ndi malipiro a munthu waganyu a zaka zambiri. Momwemonso mayi wodziwa kuumba mbiya zosadontha, bambo wodziwa kuluka nkhokwe kapena kufolera denga, mnyamata wa mawu okoma oyambitsa nyimbo, gogo wodziwa kuyanjanitsa abale okangana, onsewa asunga chuma cha Mwini wake. Akuluakulu anati, “Ukaipa dziwa nyimbo.” Palibe munthu amene Mulungu anamtuma padziko chimanjamanja.

Mantha amene amabisitsa mphatso ali amitundu iwiri. Oyamba ndi kuopa kusekedwa. Bambo wa imvi achita manyazi kukhala pansi ndi kugwira pensulo, poopa kuti ana amseka. Achiwiri ndi oopsa koposa: kuopa nsanje. Pamudzi munthu akakolola zambiri, kapena akafolera nyumba ndi malata, pamamveka manong'onong'o akuti wakhwima, kapena kuti akukawa m'minda ya anzake usiku. Ena pomva zotere amafooka dala, nalima pang'ono kuti asaoneke. Potero ana awo amagona ndi njala chifukwa cha pakamwa pa anthu. Apa mpamene chikhulupiriro chigwira ntchito yake. Mkhristu adziwa kuti tsiku lowerengera chuma sadzayankha kwa anthu onong'ona aja, koma kwa Iye amene anampatsa manja ndi nzeru. Ndipo amene amanenera mnzake wakhama zoipa ayenera kudziwa kuti akuthandiza kukumba dzenje lija.

Mbiri ya mpingo m'dera lino isonyeza kuti kupemphera ndi kugwira ntchito zinayenda pamodzi kuyambira pachiyambi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anafika pa Mvera m'chaka cha 1889, natsegula Nkhoma mu 1896. Sanaphunzitse katekisimu yekha ayi. Anaphunzitsanso ukalipentala, kuumba njerwa, ulimi ndi kusindikiza mabuku, ndipo m'masukulu a m'midzi ana ndi akulu omwe anaphunzira kuwerenga. Mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero cha anthu eni ake. Mu 1925 Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza anadzozedwa, nakhala abusa oyamba achikuda a mishoni imeneyi. Iwowa anali ana a m'midzi ngati ena onse, koma chimene analandira sanachikwirire. Pambuyo pake malo ophunzitsira akhristu wamba amene Sinodi ya Nkhoma inamanga pafupi ndi phiri la Chongoni anatchedwa dzina la Katengeza. Kumanga malo otere kunali kuvomereza kuti ntchito ya Mulungu si ya abusa okha, koma ya mkulu wa mpingo, ya mayi wa Chigwirizano ndi ya mlimi yemwe. Ngakhale Paulo mtumwi, pokhala ku Korinto, ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo sanachite nayo manyazi ntchito ya manja.

Komabe pasakhale wonyengedwa kuti aliyense wakhama adzalemera. Mvula imakana, chiwawu chimawononga kachewere, mitengo pamsika imagwa. Njala ya mu 1949 ndi ya mu 2002 inagwera aulesi ndi akhama omwe. Chikhulupiriro si malonda ochita ndi Mulungu, akuti munthu akapemphera ndi kulima ndiye kuti Mulungu ali naye ngongole. M'fanizo muja mwini chuma anayamika kukhulupirika, osati kuchuluka kwa ndalama. Mlimi amene wataya mbewu chaka chino nabzalanso chaka chamawa ali kumbali ya antchito awiri aja, ngakhale nkhokwe yake ikhale yaing'ono. Ndipo amene wakolola bwino akumbukire kuti chumacho nchosungitsidwa: mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye ali nalo gawo lawo.

Pali talente ina imene aliyense wotha kuwerenga mawu ano wailandira kale. Munthu amene walimbika kusukulu ya kwacha mpaka kudziwa malemba ali ndi chuma chimene makolo ake ambiri sanachigwire. Tsopano angathe kuona yekha nambala pasikelo pogulitsa nyemba, kuti wogula asamubere. Angathe kuwerenga malangizo a mankhwala a mwana, kulemba dzina lake m'malo modinda chala, ndi kutsegula yekha Buku Lopatulika. Koma malemba ali ngati khasu: likakhala pakhonde osalimira, lichita dzimbiri. Ambiri anaphunzira kuwerenga, naleka, ndipo patapita zaka ziwiri malemba anawathawa.

Chifukwa chake wodziwa kuwerenga awerenge tsiku ndi tsiku, ngakhale mizere iwiri yokha. Awerengere nkhalamba kalata yochokera kwa mwana wake. Alembe m'kabuku zimene wagula ndi zimene wagulitsa. Koposa zonse, apeze mnzake mmodzi amene akali kuchita manyazi, amgwire dzanja napite naye kusukulu. Akatero talente imodzi yasanduka ziwiri, ndipo Mwini wake akadzafika sadzapeza dzenje, koma munda.