Batire limaola ngati tomato

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya akalipentala, ngakhale ine sindinagwirepo pulena. Ntchito yanga ndi kugulitsa tomato, anyezi ndi usipa pamsika kuno ku Edingeni, kumwera kwa Mzimba, kwawo kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Koma benchi limene ndimayalapo malonda anakhoma ndi kalipentala, chitseko cha nyumba yanu chimodzimodzi, ndipo tonsefe tsiku lotsikira kulichete bokosi adzatikhomera ndi iwowa. Choncho zimene zikuwazunguza mutu amisiriwa zikutikhudza tonse.

Mkangano womwe wakula pakati pawo ndi wa zida zopanda chingwe, zoyendera batire: chiboolero, sowo yozungulira, pulena, mpaka kamakina kosalazira matabwa. Mukudziwa kuti ife a ku Mzimba ndi Joni sitisiyana. Agogo athu ankapita pa Wenela ndi TEBA, azichimwene athu lero akupita pa basi, ndipo ndi nyumba zochepa zopanda mbale ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Ndiye chida chatsopano cha Makita, Bosch kapena Ingco chikangofika m'masitolo a kumeneko, mawa lake chithunzi chili pa WhatsApp ya kalipentala wa kuno, ndi mawu oti: nditumize?

Anyamata amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga kumeneko sachedwa kuyankha. Iwo amati chingwe chinatha kalekale. Mfundo yawo ndi yomveka. Ntchito zambiri za kuno sizili pamsika pomwe pali magetsi. Zili m'midzi, komwe ndalama za ku Joni zikumanga nyumba zamalata. Kumeneko kulibe pobayira chingwe. Mnyamata wina amene amakhoma madenga amati ntchito yodula mitengo ya denga ndi sowo yamanja imamudyera masiku, pomwe ndi sowo ya batire amatha msanga n'kupita kwa kasitomala wina. Amakumbutsanso chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Nthawi imene ija, ngakhale amisiri a m'tauni anali kungokhala pabenchi kudikira magetsi. Amene anali ndi batire ankatchaja usiku magetsi akabwera, masana n'kumagwira ntchito.

Akuluakulu a ntchitoyi sakana kuti zidazi ndi zachangu. Nkhawa yawo ili pena. Pali mdala wina amene amapanga mabedi ndi makabati kuseri kwa msika, ndipo pulena yake yachitsulo anamusiyira ndi bambo ake. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, adada, bwanji osawauza ana anu akutumizireni ya batire, mupumuleko mapewa? Anaseka n'kundifunsa kuti, kodi amama, tomato wanu mungamusungire mdzukulu? Funso limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ife apamsika timalimvetsa kuposa aliyense.

Katundu alipo wa mitundu iwiri. Pali wokhala, monga sikelo, benchi ndi mabeseni. Ukagula kamodzi, wagula. Ndiye pali woola, amene tsiku lililonse akudya mpamba wako kaya wagulitsa kaya sunagulitse. Pulena yamanja, hamala ndi sowo ndi katundu wokhala: ikabuntha umanola, chigwiriro chikathyoka umasema china. Batire ndi katundu woola. Mabatire a zidazi ndi a lithium, ofanana ndi a m'mafoni athuwa. Inu nomwe mukudziwa mmene foni imachitira ikatha zaka ziwiri kapena zitatu: m'mawa yadzaza, masana yathima. Batire la chiboolero limakalambanso choncho. Kutchaja kulikonse kumalichotsera moyo pang'ono, ndipo ngakhale lingokhala m'kabati, limafookabe. Kutentha ndiye mdani wake wamkulu. Tangoganizani shedi yamalata mwezi wa Okutobala.

Chachiwiri chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mabatirewa salowana. Batire la Makita silikwana pa chida cha Bosch, la Bosch silikwana pa DeWalt, ngakhale onse alembedwe mphamvu yofanana. Ngakhale m'nyumba imodzi muli kusiyana: zida zatsopano za Makita za 40V sizilandira batire la zida zake za 18V. Choncho munthu akagula chida choyamba, wakwatira m'banja limenelo, ndipo malowolo ake satha. Komanso zida zambiri m'masitolo amagulitsa thupi lokha, batire ndi chaja padera. Ndinaonapo mnyamata atalandira bokosi kuchokera ku Joni, chisangalalo chodzaza tsaya, kutsegula muja mulibe batire. Mbale wake anaona mtengo wotsika n'kuganiza kuti wapeza mwayi. Chidacho chinakhala pansi pa bedi miyezi, mpaka mbale uja atasonkhanitsanso ndalama zina.

Tiyeni tiwerengereko pang'ono, monga timachitira pogula dengu. Batire lolembedwa 18V ndi 5.0Ah limasunga mphamvu yofanana ndi ya mafoni anayi kapena asanu akuluakuluwa. Pa chiboolero ndi yambiri, munthu atha kuboola ndi kumanga tsiku lonse. Pa sowo yozungulira kapena pulena, imatha msanga, makamaka thabwa likakhala la mtengo wolimba ngati mlombwa kapena mbawa, osati paini wofewa wa ku Chikangawa. Ndiye pamafunika mabatire awiri, lina likugwira ntchito lina lili pa chaja. Ndipo chajayo imafuna magetsi enieni. Kasola kakang'ono kounikira m'nyumba ndi kutchajira foni sikangakwanitse. Pamafunika sola yokulirapo, batire lake ndi inveta. Mwaona? Chingwe sichinathe ayi, changosamukira pakhoma. Onjezani kuti pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira pomwe masoketi athu ndi a mano a makona anayi, ndiye kagulenso adaputa.

Pamwamba pa zonsezi pali kwacha. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera. Batire silipangidwa kuno. Likafa, kalipentala wa ku Edingeni ayenera kuyang'ana ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kutumanso ku Joni. Ena amathamangira otchipa ongofanizira, ooneka bwino kunja koma osachedwa kutha, ndipo ena amatentha koopsa pa chaja. M'shedi yodzaza utuchi ndi matabwa ouma, imeneyo si nkhani yoseka.

Musaganize kuti ndikuti anyamatawa akulakwa. Amisiri amene ndawaona akupindula ndi amene ali pakati. Sanataye pulena ya bambo awo, komanso sanakane zatsopano. Anayamba ndi chiboolero chimodzi, chifukwa ndicho chimadya batire pang'ono n'kupulumutsa nthawi yambiri pomanga mabedi, mahinji a zitseko ndi makabati. Matabwa ambiri amakapalitsa pa makina akuluakulu amagetsi, zotsala amamaliza pamanja. Chida chachiwiri akagula, amagula cha banja lomwelo kuti batire lizilowana. Ndipo chinsinsi chawo chachikulu n'chimene ife timachita ndi tomato: pa chitseko chilichonse chimene agulitsa, amapatula kangachepe ka batire lamawa. Ine ndikamaika mtengo pa mulu, ndimawerengera kale tomato amene aole pansi pa dengu. Wosawerengera zoola, bizinesi yake imaoneka ngati ikuyenda mpaka tsiku lokaoda, pomwe amapeza kuti mpamba unatha kalekale.

Ndiye inu amene muli ku Joni ndipo mukufuna kukweza mchimwene kapena mlamu wanu wa ukalipentala, mtima wanu ndi wabwino, koma musanalipire muimbireni. Mufunseni zida zomwe ali nazo kale ndi za kampani iti. Mufunseni kuti azitchaja kuti. Yang'anani m'bokosi ngati muli batire ndi chaja. Ndalama ikakhala yochepa, bola chida chimodzi ndi mabatire awiri kusiyana ndi zida zitatu zodalira batire limodzi.

Inunso makasitomala anzanga, kalipentala akakweza pang'ono mtengo wa chitseko chomwe wakupangirani m'masiku awiri m'malo mwa sabata, musathamangire kunena kuti wakuberani poti makina ndi amene agwira ntchito. Changu chimene mwakondwera nachocho chili ndi mtengo wake, ndipo chikuola pang'onopang'ono m'thumba lake la zida. Nenererani ndithu, kumsika timatero, koma musiyireni ya batire.