Kudwala Ntchito Itatha: Za ku America ndi za Kwathu

Inu amene muli kumudzi ndi amene mudabalalika m'maiko a eni, ndiloleni ndiyale pabwalo nkhani imene ambiri a ife timangoinong'ona m'nyumba, ndiyo ya munthu amene ntchito yamuthera kuno ku America, matenda n'kumugwera alibe inshuwalansi.

Kwathu munthu akamva m'thupi kuphwanya, salingalira za abwana ake. Amatenga kabuku kake ka kuchipatala, nalawira m'mbandakucha kukakhala pabenchi, ndipo kaya ndi mlimi, wageni kapena lova, amaonedwa osatulutsa khobidi, kuyambira pachipatala chaching'ono cha kumudzi kufikira ku Gulupu ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngakhale ma ARV boma lidayamba kugawa ulere m'chaka cha 2004. Komatu tisadzinamize kuti mtengo palibe, pakuti ulipo m'ndalama ya kabaza, m'tsiku lathunthu lothera pamzere, ndi m'mawu aja akuti mankhwala atha, mukagule ku famase. Ulipo mwa mayi wodwazika matenda, amene wasiya munda pakati pa dzinja, nagona pasimenti, naphika phala pamafuwa kuseri kwa chipatala ndi nkhuni zogula. Amene ali ndi kangachepe amathamangira ku zipatala za mishoni za CHAM, monga Nkhoma, Mlambe ndi Ekwendeni, kumene amalipira koma mosaboola thumba kwenikweni. Za inshuwalansi ya MASM ndi za apantchito ochepa a m'tauni.

Kuno zinthu zidatembenuzika. Mankhwala ngosasowa, makina ngochuluka, koma kwa anthu ambiri inshuwalansi idamangiriridwa ku ntchito, kotero kuti kalata yokuchotsa ntchito imachotsanso dokotala wako ndi wa ana ako. Lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kuti munthu wofika kuchipinda cha matenda adzidzidzi apimidwe ndi kuthandizidwa kufikira ngozi itachoka, ali ndi ndalama kapena ayi. Koma lamulolo silidanene kuti thandizolo nlaulere. Pakapita masabata, maenvulopu amayamba kufika imodziimodzi: ya chipatala payokha, ya dokotala payokha, ya opima magazi, ya ambulansi, ndipo munthu amene adatuluka akuyamika Mulungu amakhala patebulo mutu uli m'manja.

Njira zilipo ndithu, ngakhale kuti palibe amene adzakulondola nazo pakhomo. Pali COBRA, imene imakulola kupitiriza inshuwalansi ya kuntchito kwa miyezi 18, koma ukulipira wekha gawo lako ndi la abwana lomwe, katundu wosatheka kwa munthu wosalandira. Pali msika wa inshuwalansi umene lamulo la 2010 lidakhazikitsa, ndipo wochotsedwa ntchito amapatsidwa masiku 60 okha kuti alembetse. Pali Medicaid ya anthu opeza zochepa, imene kuno ku Indiana akuluakulu amailandira m'dzina la Healthy Indiana Plan, pamene zigawo zina monga Texas ndi Florida zidakana kuikulitsa. Ndiponso mlendo wa green card, malinga ndi lamulo la 1996, kawirikawiri amayenera kudikira zaka zisanu asanalandire Medicaid. Popeza malamulo okhudza alendo sakhalitsa asanasinthe, funsani a Medicaid za lero lino, osadalira zimene mnansi adamva dzana.

Chimene ndingalangize koposa ndi zipatala zazing'ono zotchedwa community health center, zimene zidayamba m'chaka cha 1965 ndipo zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza. Mupite ndi chiphaso, kalata yakuthera ntchito ndi timapepala ta malipiro anu omaliza. Kalaliki adzawerengera, nakuuzani mtengo wanu, ndipo kusowa ndalama si chifukwa chokubwezerani. Wa shuga ndi wa BP apite kumeneko matenda asanakule, napemphe dokotala amlembere mankhwala a generic, pakuti masitolo ena, monga Walmart kuyambira 2006, amagulitsa ambiri a iwo pa madola anayi pamwezi. Ngati bilu yaikulu yafika kale, dziwani kuti chipatala chilichonse chosachita malonda chimalamulidwa kukhala ndi ndondomeko yochepetsera kapena kukhululukira ngongole za osauka. Muimbe foni, mupemphe fomu ya financial assistance, mupemphenso bilu yolemba chinthu chilichonse pachokha.

Tsono pamene pagona nkhani ndi apa. Ife tidaleredwa kuti pachipatala munthu amakhala phee, chipewa m'manja, kufikira dzina lake litaitanidwa, ndipo kufunsa mtengo kwa adokotala nkupanda mwambo. Ulemu umenewo, umene kwathu umakufikitsa pawindo la mankhwala ngakhale dzuwa litapendeka, kuno umakusiya ngati wodwala uja wa pathamanda la Betesda, ukuona ena akutsikira m'madzi iwe uli chigonere. Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo m'dziko lino thandizo limapita kwa wolemba fomu ndi wobwereza kuimba foni, pamene wamanyazi amameza Panado m'chipinda, naopa kuti akaulula za ulova anzake adzamseka.

Inu akumudzi, mukaona m'bale wanu wachedwa kutumiza ya feteleza, yambani mwafunsa za moyo wake musanamuweruze. Ndipo ife akuno, amene timadziwa kusonkha madola mofulumira kuti thupi la mnzathu likwere ndege kukaikidwa kwao, tiphunzire kusonkhana iye akali moyo: wina amperekeze kuchipatala, wina amthandize kulemba fomu, wina amuyang'anire ana, monga momwe amayi athu amachitira podwazika matenda kwathu.