NSINGO ANALI MWANA WA YANI?

Mwezi wa Febuluwale ukafika, pamene Angoni asonkhana ku Mtenguleni kudzacita mwambo wa Nc'wala, dzina la Nsingo limachulidwa kawirikawiri. Ana a sukulu adziwa kuti ndiye mnyamata amene anatsogolera nkhondo yomenyana ndi azungu. Koma ndikawafunsa za makolo ace, ambiri amangoti, "Anali mwana wa Mpezeni," nkuthera pomwepo. Cifukwa cace ndafuna kuti inu ndi ine tilondole mzera wace kufikira kumene unacokera.

Atate wace wa Nsingo anali Mpezeni woyamba, ndipo atate wace wa Mpezeni anali Zwangendaba wa ciwongo ca Jere. Zwangendabayo anali nduna ya nkhondo ya mfumu Zwide ya Andwandwe, ku dziko limene lero ndi South Africa. Shaka atagonjetsa Zwide, Zwangendaba anatenga anthu ace nayamba ulendo wopita kumpoto. Mu Novembala 1835 anaoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada masana. Akuluakulu amati Mpezeni anaoloka nao ali wamng'ono, pamodzi ndi amai ace, a Soseya.

Zwangendaba anafera ku dziko la Afipa, m'Tanzania wa lero, ndipo ana ace anagawikana. M'mbelwa anakakhazikika kumpoto kwa Malawi. Mpezeni anadzera ku dziko la Abemba, natsikira kwa Ansenga, kenaka nadzamanga midzi yace kufupi ndi kumene kuli Chipata tsopano.

Mpezeni atakalamba, kunabwera azungu a kampani ya North Charterland, ofuna golide ndi malo. Nkhalambayo inafuna kukambirana nao, koma Nsingo ndi anyamata anzace anakana. Mu Januwale 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za Maxim, ndipo nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Nsingo anagwidwa, ndipo mu Febuluwale caka comweco anamuombera. Nc'wala inalekeka kufikira 1980.

Komabe mzera sunaduke. Mpezeni atamwalira mu 1900, ufumu unapita kwa Chiloa, mwana wa Nsingo, akali kamnyamata. Ndiye anakhala Mpezeni waciwiri.

Pofika apa mtima wanga umagwira cinthu cina. Mzera wa Nsingo ulondoleka cifukwa ndi wa ufumu, ndipo uli ndi anthu ousunga. Nanga anyamata aja amene anagwa pambali pace? Ambiri anali ana ndi adzukulu a anthu amene Angoni anawagwira pa ulendo wao: Akalanga, Atumbuka, Acewa ndi Ansenga. Amai a Cinsenga ndiwo analera ana ambiri m'midzi imeneyo, ndipo nciye cifukwa cace Mngoni wa kwa Mpezeni lero alankhula cinenero cofanana ndi Cinsenga. Koma popeza Mngoni awerengera mtundu kucimuna, maina a amai amenewa ndiwo anayamba kuiwalika. Kwa Acewa ndi Ansenga, amene awerengera kucikazi, dzina lofulumira kutayika ndi la atate.

Pa nchito yanga ndimayenda m'midzi yambiri, ndipo ndaona kuti nkhalamba ikaikidwa m'manda, maina amene inali kusunga m'mutu amapita nayo. Zotsatira zace zimaoneka pa milandu ya minda ndi ya unyakwawa, pamene abale akangana cifukwa palibe wodziwa kuti anayamba kulima pamalopo ndani.

Tsono inu amene mukali ndi ambuye anu pa mudzi, musadikire maliro. Mwana wa sukulu atenge buku ndi pensulo madzulo ano. Afunse dzina la atate ndi la amai, pfuko lao, ciwongo cao, mudzi umene anacokera ndi kumene kuli manda ao. Alembe mbali zonse ziwiri, kucimuna ndi kucikazi, ndipo bukulo lisungidwe m'bokosi kumene ciswe sicingafike.